Mlandu wa kubera ukafika pamaso pa komiti ya pa yunivesite

Milandu yambiri ya chinyengo pa maphunziro imayambira patebulo la mphunzitsi amene akuchonga ntchito za ophunzira. Wachonga mapepala 40, ndipo pofika pa la 41 akuona kuti mwini wake, powerengera funso lachitatu, walemba 0.83 pomwe panayenera kukhala 0.38, kenaka wapitiriza masamu ake onse ndi nambala yolakwikayo mpaka kumapeto. Mphunzitsiyo akukumbukira kuti cholakwika chomwechi wachiona kale usiku womwewo. Akufufuza m'mulu wa mapepala, akulipeza linalo n'kuwayala pamodzi, ndipo akupeza kuti nambala yophonyedwa ndi imodzi, mizere yasanjidwa chimodzimodzi, ngakhale liwu lina lolembedwa molakwika lili m'mapepala onse awiri. Anthu awiri akhoza kupeza yankho lolondola lofanana popanda kuonerana, pakuti yankho lolondola limakhala limodzi, koma kuti anthu awiri aphonye mofanana m'malo atatu osiyana n'kovuta kukhulupirira.

Komabe chimene mphunzitsiyo ali nacho panthawiyi ndi chikayiko chabe, ngakhale chili champhamvu. Sakudziwa kuti wakopera mnzake ndani, sakudziwa ngati awiriwo anakhala pansi n'kuwerengera limodzi poganiza kuti n'zololedwa, ndiponso sakudziwa ngati wina anangotsegula kompyuta ya mnzake mwini wake atatuluka. Makomiti oweruza milandu yotere anakhazikitsidwa kuti chikayiko chisasanduke chigamulo chisanayesedwe. Mphunzitsi amene wagwira wophunzira ndiye wodandaula, ndiyenso mboni yaikulu, ndipo akapatsidwa mphamvu yogamula yekha ndiye kuti maudindo atatu amene sayenera kukumana aunjikidwa pa munthu mmodzi, munthunso amene mwina mtima ukumuwawa poganiza kuti wapusitsidwa. Palinso zifukwa zina ziwiri. Aphunzitsi amasiyana mitima, kotero kuti cholakwa chimene wina angangodzudzula pakamwa, mnzake wa chipinda choyandikana angachilange ndi kulepheretsa phunziro lonse. Ndipo pakapanda kaundula mmodzi wa yunivesite yonse, wophunzira akhoza kubera m'maphunziro anayi osiyana, paliponse n'kukhululukidwa ngati munthu wolakwa koyamba.

Zimene malamulo a mayunivesite amazitcha chinyengo n'zambiri kuposa kulowa m'chipinda cha mayeso ndi likasa. Muli kulembera mnzako mayeso, kukopera mawu kapena maganizo a wolemba wina osamutchula, kuchitira limodzi ntchito imene aliyense anauzidwa kuti achite payekha, kupeka ziwerengero za kafukufuku amene sanachitike, kupereka chimangirizo chimodzi m'maphunziro awiri popanda chilolezo, ndi kulipira munthu wina kuti akulembere. Za likasa ndi za kulemberana sizivutitsa komiti kwenikweni, chifukwa aliyense amadziwa kuti n'zoletsedwa. Mutu umauma pa nkhani ya kukopera ndi ya kuthandizana, popeza kumeneko malire apakati pa kusadziwa ndi kuchita dala amakhala osaoneka bwino. Wophunzira wa chaka choyamba amene watchula buku kumapeto kwa chimangirizo chake koma waiwala kuika zizindikiro zosonyeza kuti ndime ina ndi mawu a mwini bukulo walakwitsa ndithu, koma kulakwitsa kwake n'kosiyana ndi kwa amene wasintha mawu awiri atatu m'chiganizo chilichonse kuti asagwidwe. Mayunivesite ambiri a ku Britain ndi ku Australia amalekanitsa ziwirizi m'malamulo awo, ndipo woyambayo amatumizidwa kukaphunzira kalembedwe koyenera m'malo moimikidwa pamaso pa komiti.

Kuti wophunzira ali ndi ufulu womvedwa asanalangidwe si chinthu chimene mayunivesite onse anachilandira mwa kufuna kwawo. Ku United States chinakhazikika kudzera m'mlandu wa Dixon v. Alabama State Board of Education wa mu 1961, umene unabuka pamene ophunzira achikuda a pa Alabama State College anachotsedwa sukulu popanda kufunsidwa kanthu atachita nawo zionetsero zotsutsa tsankho. Khoti la apilo linagamula kuti sukulu ya boma singachotse wophunzira chifukwa cha khalidwe isanamuuze mlandu wake ndi kumupatsa mpata woyankha. Mu 1978, pa mlandu wa Board of Curators of the University of Missouri v. Horowitz, khoti lalikulu la dzikolo linaika malire ena ofunika: likuti kuchotsa wophunzira chifukwa choti sakukhoza maphunziro ndi chiweruzo cha akatswiri, ndipo sikufuna ndondomeko yozama ngati kumuchotsa chifukwa cha mlandu wa khalidwe. Kubera kumagwa pakati pa ziwirizi. Funso loti chimangirizo ndi chabwino kapena ayi ndi la mphunzitsi, ndipo komiti silingalilowerere. Funso loti wophunzira anachilemba yekha kapena ayi ndi funso la zimene zinachitikadi, ndipo limafuna umboni ndi kumva mbali zonse ziwiri.

Mwa ndondomeko imene yafala, mphunzitsi amalemba lipoti n'kulipereka kwa mkulu wa nthambi kapena ku ofesi yoona za kukhulupirika pa maphunziro, pamodzi ndi mapepala amene akumukayikitsa. Ofesiyo imayang'ana ngati pali nkhani yoyankha, imayang'ananso m'kaundula ngati wophunzirayo anapezekapo wolakwa kale. Ngati nkhani ndi yaing'ono ndipo ndi koyamba, mayunivesite ambiri amalola kuti ithere pansi pomwepo: wophunzira avomere, asayine chikalata, alandire chilango chochepa monga kutaya malikisi a ntchitoyo, ndipo dzina lake lilembedwe m'kaundula wachinsinsi. Njira yachiduleyi imapulumutsa nthawi, ndipo milandu yochuluka imathera pamenepa. Koma ili ndi mbuna yake. Wophunzira wamantha, wouzidwa kuti akavomera lero angotaya malikisi koma akapita ku komiti akhoza kuimitsidwa sukulu, akhoza kusayina ngakhale sanalakwe. Pachifukwa chimenechi malamulo abwino amamupatsa masiku angapo oganizira ndi kufunsa uphungu asanasayine, ndipo amamuuza momveka kuti kukana ndi ufulu wake.

Akakana, kapena nkhani ikakhala yaikulu, ipita ku komiti, ndipo apa mayunivesite amasiyana kwambiri pa funso loti akhale pa mipando ndani. Kwina komiti imakhala ya aphunzitsi ndi akuluakulu a sukulu okhaokha. Kwina imakhala yosakaniza, aphunzitsi awiri kapena atatu ndi ophunzira mmodzi kapena angapo, onse ndi voti yofanana. Kwinanso, makamaka m'masukulu ena akale a ku United States, mphamvu yonse ili m'manja mwa ophunzira.

Chitsanzo chodziwika cha mtundu wachitatuwu ndi University of Virginia, kumene dongosolo la kukhulupirika linayamba mu 1842, patangopita zaka ziwiri pulofesa John A. G. Davis ataphedwa ndi mfuti ndi wophunzira, panthawi imene ubale wa aphunzitsi ndi ophunzira unali utaipiratu. Pulofesa Henry St. George Tucker ndiye anabweretsa ganizo loti wophunzira azilemba pa pepala la mayeso kuti sanalandire thandizo lililonse, ndipo m'kupita kwa nthawi ophunzira anatenga okha udindo wosunga lumbirolo. Lero ofufuza, alangizi ndi oweruza onse ndi ophunzira, ndipo aphunzitsi amangobweretsa madandaulo ndi kuchitira umboni. Ku Princeton, kumene lumbiro lotere linakhazikitsidwa mu 1893, ntchito anaigawa pawiri: komiti ya ophunzira okhaokha imaweruza kubera kochitika m'chipinda cha mayeso, chifukwa kwa zaka zoposa 100 mayeso ankalembedwa popanda woyang'anira ndipo ophunzira ndiwo anali maso a anzawo, pamene komiti ina ya aphunzitsi ndi ophunzira imaweruza za zimangirizo ndi ntchito zochitira kunja kwa kalasi. Kugawa kumeneku kuli ndi nzeru yake. Kuona munthu akusuzumira pepala la mnzake sikufuna digiri, koma kuzindikira kuti ndime ina yatengedwa m'buku lakutilakuti kumafuna munthu amene wawerenga mabuku a phunzirolo.

Tsiku lomva mlandu silifanana ndi la kukhoti, ngakhale wophunzira amalowa m'chipindamo thukuta lili kamukamu. Anthu asanu akhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi mpukutu wa mapepala umene wophunzira nayenso anapatsidwa masiku angapo m'mbuyomo. Wapampando ayamba ndi kufunsa ngati pali membala amene amadziwana ndi woimbidwa mlandu kapena anamuphunzitsapo m'njira yoti ingasokoneze chiweruzo chake. Kenaka awerenga mlandu, mphunzitsi afotokoza zimene anapeza, ndipo wophunzira ayankha. Amaloledwa kubwera ndi womuperekeza, kawirikawiri mlangizi wochokera ku bungwe la ophunzira kapena mphunzitsi wina amene amamudalira, koma m'mayunivesite ambiri womuperekezayo sayankhula m'malo mwake, ndipo maloya amaloledwa pa milandu yaikulu yokha kapena saloledwa n'komwe. Mafunso amene amatsegula nkhani amakhala osavuta kumva. Membala wina aloza mzere wachinayi n'kunena kuti, "Tatifotokozereni, munachoka bwanji apa kufika apa?" Wina afunsa kuti, "Liwu ili mwaligwiritsa ntchito katatu, kodi mukutanthauza chiyani?" Amene anaichitadi ntchitoyo, ngakhale akunjenjemera, amakumbukira pomwe anavutika, njira imene anayamba nayo n'kuisiya, ndi buku limene linamusokoneza. Amene anakopera amadziwa yankho koma sadziwa njira yake. Ndi pofunika kuchenjera apa, chifukwa mantha nawonso amatseka pakamwa munthu wosalakwa, ndipo komiti yanzeru siweruza potengera chibwibwi chokha koma imafunsanso zolemba zoyambirira, timanotsi, ndi mbiri ya fayilo yosonyeza masiku amene inasinthidwa.

Onse akatuluka, komiti imatsala yokha kuti iyankhe mafunso awiri motsatana, ndipo kusawasakaniza ndiko kumasiyanitsa komiti yodziwa ntchito ndi yongoyerekeza. Loyamba ndi lakuti kodi cholakwacho chinachitika. Lachiwiri, limene limabwera pokhapokha yankho la loyamba likakhala inde, ndi lakuti chilango chikhale chotani. M'mayunivesite ambiri mamembala sauzidwa ngati wophunzira analakwapo kale mpaka atamaliza funso loyamba, kuopa kuti mbiri yakale ingalowe m'malo mwa umboni wa lero. Chimodzimodzinso zifukwa zomvetsa chisoni, monga matenda kapena maliro amene anagwa sabata ya mayeso, zimayenera kudikira funso lachiwiri, pakuti zikhoza kufewetsa chilango koma sizisintha zoti ndime inakoperedwa.

Mulingo wa umboni nawo umasiyana. Ku Britain, ku Australia ndi m'mayunivesite ochuluka a ku United States, komiti imayenera kungokhutira kuti mbali yoti chinyengo chinachitika yalemera kuposa mbali yoti sichinachitike, monga zimakhalira pa milandu ya chipukuta misozi. Masukulu ena amafuna umboni womveka ndi wokhutiritsa kuposa pamenepo, ndipo ku University of Virginia anasankha mulingo wa milandu yaupandu, woti pasatsale chikayiko chomveka, chifukwa chilango chawo chinali chowawa kwambiri. Ndikuona kuti mfundo yabwino ndi yoti chilango chikamakula, umboni nawo uzikula. Kuchotsa munthu sukulu ali m'chaka chomaliza pa umboni wongolemera pang'ono n'kosayenera, ngakhale malamulo atakhala kuti akulola. Udindo wotsimikizira mlandu uli pa yunivesite, ndipo wophunzira sayenera kukakamizidwa kutsimikiza kuti ndi wosalakwa, ngakhale m'chipinda chomvera mlandu zimaoneka ngati zatembenuka.

Mbali imene yavuta kwambiri m'zaka zino ndi ya umboni wochokera ku makina. Pulogalamu ya Turnitin, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imafananitsa chimangirizo ndi zolemba zina n'kupereka nambala yosonyeza kuchuluka kwa mawu ofanana. Nambalayo siyeza chinyengo, chifukwa imawerengera ngakhale mawu ogwidwa moyenera ndi mndandanda wa mabuku, kotero kuti ntchito ya 30 pa 100 ikhoza kukhala yoyera pamene ya 8 pa 100 ili ndi ndime yobedwa. M'maphunziro a zamakompyuta muli pulogalamu ya MOSS, imene Alex Aiken anaipanga mu 1994, yomwe imagwira kufanana kwa kapangidwe ka mapulogalamu ngakhale wokopera atasintha mayina a zinthu. Zida zimenezi zimathandiza kuloza poyang'ana, koma zikatengedwa ngati mboni yosaphonya zimabweretsa ngozi. Mu 2021 sukulu ya zachipatala ya Geisel ya pa Dartmouth inaimba mlandu ophunzira 17 kuti anatsegula masamba a maphunziro pa Canvas, pulogalamu ya pa intaneti imene aphunzitsi amaikapo zowerenga, ali mkati molemba mayeso kunyumba. Akatswiri a zamakompyuta anasonyeza kuti tsamba losiyidwa lotsegula pa foni kapena pa kompyuta ina likhoza kumadzitumizira lokha mauthenga amene amaoneka ngati munthu akuwerenga, ndipo mu June chaka chomwecho sukuluyo inathetsa milandu yonse n'kupepesa.

Kubwera kwa ChatGPT, pulogalamu ya kompyuta yotha kulemba ngati munthu, mu November 2022 kunakulitsa vutoli. Pa kukopera kwa kale, mphunzitsi ankatha kuyala patebulo buku ndi chimangirizo kuti aliyense aone ndi maso ake. Pa zolemba za makina palibe buku loyala, pali nambala yokha ya pulogalamu yonena kuti mwina munthu sanalembe. Kampani ya OpenAI, imene inapanga ChatGPT, inachotsa chida chake chozindikirira zolemba zotere mu July 2023 ponena kuti chinkaphonya kwambiri, ndipo mu August chaka chomwecho Vanderbilt University inazimitsa chida cha Turnitin cha ntchito yomweyi. Kafukufuku wa akatswiri a pa Stanford wa mu 2023 anapeza kuti zida zingapo zotere zinaweruza molakwika zimangirizo zoposa theka zolembedwa ndi anthu amene Chingelezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, n'kumati zalembedwa ndi makina, chifukwa anthu otere amagwiritsa ntchito mawu odziwika ndi ziganizo zosazungulira. Komiti imene ikulandira mlandu wotere imayenera kufuna zina zogwirika, monga mabuku otchulidwa amene kulibe kulikonse, kapena kulephera kwa wophunzira kufotokoza mfundo zake zomwe pofunsidwa pakamwa.

Pa milandu ngati imeneyi ndi pamene phindu la ophunzira okhala mu komiti limaonekera. Kawirikawiri anthu amati amaikidwamo kuti chigamulo chilandiridwe ndi anzawo, ndipo zimenezo n'zoona, koma phindu lalikulu ndi loti amadziwa mmene ntchito za sukulu zimachitikira masiku ano. Pulofesa amene anamaliza digiri yake zaka 30 zapitazo akhoza kudabwa kuona ziganizo zofanana m'mapepala 12, pamene wophunzira wa mu komiti akudziwa kuti kalasi yonse imawerengera pa manotsi amodzi oikidwa pa intaneti amene aliyense amawonjezeramo. Wophunzira yemweyo ndi amenenso amazindikira msanga bodza limene pulofesa angalikhulupirire, chifukwa amadziwa kuti tsamba loperekera ntchito silichita zimene woimbidwa mlandu akunena. Amene amaganiza kuti ophunzira amangomvera chisoni anzawo amaiwala kuti malikisi a wobera amatsitsa mtengo wa thukuta la iwo amene sanagone. Kafukufuku wa Donald McCabe ndi Linda Treviño wa mu 1993 anasonyeza kuti m'masukulu okhala ndi lumbiro la kukhulupirika ophunzira ankavomera kubera mochepa poyerekeza ndi masukulu opanda lumbiro, ndipo chimene chinkakoka kwambiri khalidwe la wophunzira chinali zimene ankaona anzake akuchita.

Zodandaulitsa ziliponso. Ophunzira amakhala mu komiti chaka chimodzi kapena ziwiri, kotero luso limachoka nawo ndipo atsopano amayenera kuphunzitsidwa chaka ndi chaka. Pa sukulu yaing'ono chinsinsi chimavuta kusunga. Ndipo wophunzira mmodzi yekha pakati pa mapulofesa anayi, ena mwa iwo odzamuchongera mayeso chaka chamawa, akhoza kungogwedeza mutu kuvomereza zilizonse, kukhalapo kwake n'kusanduka chokongoletsera chabe. N'chifukwa chake chiwerengero cha mipando ndi nkhani yeniyeni.

Zimene zinachitika ku Harvard mu 2012 zikuonetsa bwino kufunika kwa mfundozi. Ophunzira pafupifupi 125 mwa 279 a phunziro la ndale lokhudza nyumba ya malamulo ya United States anafufuzidwa chifukwa cha kufanana kwa mayankho pa mayeso olembera kunyumba. Mayesowo ankalola mabuku, manotsi ndi intaneti, koma ankaletsa kukambirana ndi munthu wina. Ophunzira ambiri anadandaula kuti m'phunzirolo kugawana manotsi kunali chizolowezi, ndipo ena anapita m'magulu kwa othandizira aphunzitsi kukafunsa tanthauzo la mafunso. Mlanduwo unaweruzidwa ndi bungwe la Administrative Board, momwe munalibe ophunzira, ndipo unatenga miyezi yambiri. Kumayambiriro kwa 2013 kunalengezedwa kuti oposa theka la ofufuzidwawo anauzidwa kuti achoke pa sukulu kwa kanthawi. Zitatha izi Harvard inakhazikitsa lumbiro lake la kukhulupirika ndi bungwe latsopano la Honor Council, limene linayamba ntchito mu 2015 ndipo lili ndi ophunzira ovota pamodzi ndi aphunzitsi. Pamene theka la kalasi lagwa mu mlandu umodzi, komiti imayenera kufunsanso ngati malangizo a mayeso anali omveka, ngakhale funso limenelo silifafaniza kulakwa kwa amene anakoperana mawu ndi mawu.

Zilango zimayambira pa chenjezo lolembedwa, kubwereza ntchito, ziro pa ntchitoyo, kulephera phunziro lonse, kuimitsidwa kwa semesita imodzi kapena ziwiri, mpaka kuchotsedwa kotheratu. University of Maryland imagwiritsa ntchito chizindikiro cha XF pa chikalata cha zotsatira, chosonyeza kuti munthu analephera chifukwa cha chinyengo, ndipo wophunzira akhoza kupempha kuti X achotsedwe pakapita nthawi atachita maphunziro a kukhulupirika. Chilango chofanana papepala sichilemera mofanana pa anthu onse. Kuimitsidwa semesita imodzi kwa wina ndi kuchedwa chabe, pamene kwa wophunzira wochokera kunja kukhoza kuthetsa chilolezo chake chokhalira m'dzikomo, ndipo kwa wolipiriridwa ndi bungwe kukhoza kudula thandizo lonse. Makomiti amakoka chingwe pakati pa kulanga onse mofanana ndi kuyang'ana munthu payekha, ndipo mayunivesite ambiri amawapatsa mulingo wolembedwa woyambirapo, koma n'kuwalola kupatuka bola alembe zifukwa.

Pa nkhani ya kuuma kwa chilango, mbiri ya University of Virginia ndi yophunzitsa. Kwa zaka zambirimbiri kunali chilango chimodzi chokha: wopezeka wolakwa achotsedwe osadzabweranso. Mu 2001 pulofesa wa fizikisi Louis Bloomfield analemba pulogalamu yofananitsa zimangirizo za m'phunziro lake, milandu 158 inatsegulidwa, ndipo komiti ya ophunzira inatha nayo nthawi yoposa chaka ndi theka. Pamapeto pake ophunzira 45 anachoka pa sukulu ndipo madigiri atatu analandidwa. Otsutsa chilango chimodzichi ankanena kwa nthawi yaitali kuti chinkachititsa aphunzitsi ndi ophunzira kubisa milandu, pakuti ndi ochepa amene angafune kuthetsa tsogolo la munthu chifukwa cha ndime imodzi, ndiponso kuti oweruza ankamasula olakwa poopa kukula kwa chilango. Mu 2013 kunawonjezedwa mwayi woti woimbidwa mlandu avomere msanga n'kuchoka kwa masemesita awiri. Mu March 2022 ophunzira anavota kuti kuchotsedwa kotheratu kulowedwe m'malo ndi kuimitsidwa kwa masemesita awiri, ndipo mu 2023 anavomereza dongosolo la zilango zosiyanasiyana malinga ndi kukula kwa mlandu. Amene anasintha lamuloli anali ophunzira eni ake, chifukwa kumeneko mphamvu yosinthira ili kwa iwo.

Wopezeka wolakwa amapatsidwa chigamulo cholembedwa ndi zifukwa zake, pamodzi ndi masiku owerengeka ochitira apilo. Apilo si kumvanso mlandu wonse. Kawirikawiri imaloledwa ngati ndondomeko inaphwanyidwa, ngati papezeka umboni watsopano umene sukanapezeka poyamba, ngati panali kukondera, kapena ngati chilango chaposa mlandu, ndipo imamvedwa ndi anthu amene sanakhale nawo pa chigamulo choyamba. Ku England ndi ku Wales, njira zam'kati zikatha, wophunzira akhoza kudandaula ku Office of the Independent Adjudicator, ofesi yoima payokha imene mphamvu zake zimachokera mu lamulo la maphunziro apamwamba la mu 2004. Ofesiyi imaona ngati yunivesite inatsata malamulo ake ndi kuchita mwachilungamo, koma siilowerera chiweruzo cha akatswiri pa maphunziro. Makhoti nawonso amayang'ana kwambiri ndondomeko, ndipo mayunivesite akagonja kumeneko nthawi zambiri chimakhala chifukwa choti analumpha sitepe imene anadzilembera okha.

Pali ena amene komiti singawafikire, monga makampani ogulitsa zimangirizo, ndipo amenewo maboma ayamba kuthana nawo ndi malamulo a dziko. Australia inaletsa malonda otere mu 2020, patapita zaka zingapo chiululikire nkhani ya kampani ya MyMaster ku Sydney mu 2014, ndipo England inachita chimodzimodzi mu 2022. Malamulowo amalanga wogulitsa, pamene wophunzira wogula amabwererabe ku komiti ya sukulu yake.

Mphamvu ya yunivesite siithera pa tsiku lovala mkanjo wa digiri. Mu February 2011 University of Bayreuth ku Germany inalanda digiri ya udokotala wa zamalamulo ya Karl-Theodor zu Guttenberg, nduna ya zachitetezo, zitadziwika kuti mbali zambiri za buku lake la kafukufuku zinakoperedwa, ndipo iye anatula pansi udindo pa 1 March chaka chomwecho. Patapita zaka ziwiri, mu February 2013, khonsolo ya nthambi ina ya pa yunivesite ya ku Düsseldorf, mtundu wa khonsolo momwe mumakhala mapulofesa, ogwira ntchito ena ndi oimira ophunzira, inavota kulanda digiri ya Annette Schavan, amene panthawiyo anali nduna ya zamaphunziro ndi kafukufuku. Buku limene linamugwetsa analilemba mu 1980, zaka zoposa 30 m'mbuyomo. Schavan anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa n'kukasuma kukhoti loona za kayendetsedwe ka boma, koma mu March 2014 khotilo linagwirizana ndi chigamulo cha yunivesite.